Jombo Zodikira Phazi

Lolemba, 5 Agosto 2024, chipatala cha Fíngoè

Andigoneka. Ine Policarpo, amene anyamata a ku migodi amanditcha Tratori, kutanthauza thirakitala, ndili pabedi lachitsulo ngati mwana wa malungo, mapazi atatulukira kunja chifukwa bedi landichepera. Kope ili ndi la mwana wanga wamkazi, linatsala masamba. Ndizilembamo kuti tsiku lizitha, komanso kuti ndisamasokoneze zimene madotolo anena pomuuza mkazi wanga Cecília, poti iyeyo amafunsa ngati wapolisi.

Chandibweretsa ndi bala la pamsongolo. Ntchito yanga ndi kunyamula matumba a miyala pa mota, njinga yamoto, kuchoka ku maenje a golide kupita kuchigayo. Mwezi wathawu ndili paulendo womwewo ng'ombe inangotulukira chakumanzere, ndinakaiwomba. Anthu akuti inali pomwepo kalekale ikudya msipu. Ine ndikuti inatulukira. Balalo silikupola, layamba kununkha. Namwino wathu Flávia wandibaya chala, kamakina kaonetsa shuga wokwera kwambiri, kuthamanga kwa magazi nakonso n'kokwera. Andipachika soro, madzi olowa m'mitsempha aja, insulina m'mawa ndi madzulo, bala azitsuka tsiku lililonse.

Za mwendozi sindikuopa, thupi ili lasenza zambiri. Chikundidya ndi china. Mwana wanga woyamba, Silvestre, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, analowa gulu la okumba golide mwezi wa Maio. Cecília pochapa buluku lake anapeza kabotolo kakang'ono m'thumba, ndipo atafufuza anamva kuti anyamata kumeneko akudzibaya mankhwala okulitsa thupi. Kunyumba sakubwera masiku ano, akugona kumsasa. Ndamutumizira mawu kuti abwere ndimuone. Mwana wanga amandimvera, abwera.

Lachiwiri, 6 Agosto

Kuno tsiku limayamba ndi ndowa. Mayi wokolopa amalowa kusanawale, n'kumagunda miyendo ya mabedi ngati tinamulakwira. Kenako Flávia ndi kamakina kake, kenako phala lopanda shuga, kenako kutsuka bala. Pakutsukapo ndinaluma mano koma sindinalire, zilembedwe.

Bedi la kudzanja langa lamanja kuli Arsénio, Msilamu wa ku Nampula, wokumba golide. Dzenje linamugumukira n'kumuthyola mwendo, ali mu pulasitala mpaka m'ntchafu. Chinyanja chake n'chothyoka ngati mwendo womwewo, koma pakamwa sipatseka. Wandilonjera ndi madandaulo, akunditchula kota, kutanthauza mkulu.

"Kota Tratori, inu mukagona chigayo chimayamba. Ine ndimati andibweza ku ntchito."

"Ukagone kwanu ku Nampula," ndamuyankha. Tagwirizana basi.

Cecília wabwera ndi nkhwani wotendera ndi mbatata zowotcha. Flávia walanda mbatata, wandisiyira imodzi yaing'ono ngati chala cha mwana. Arsénio ndiye wapindula. Silvestre sanabwere, akuti gulu lawo lafika pamwala wabwino.

Lachitatu, 7 Agosto

Lero wandiona dotora mwiniwake, Edite, mtsikana wa ku Angónia, wolankhula Chinyanja chabwino kuposa changa. Bala analiyang'ana pang'ono chabe. Kenako anatenga dzanja langa n'kuliika pa lake, kulitembenuza, kukanikiza chikhatho ngati akugula papaya.

"A Policarpo, mumavala nsapato nambala chani?"

Ndinaseka. Ndinamuuza kuti paukwati wanga ndinavala 42, koma pano pamsika wonse wa Fíngoè palibe nsapato yondikwana, ndimavala zosoka ndi matayala. Anafunsa za mphete, ndinati tinaidula ndi sowo zaka zapitazo itandimanga chala. Anafunsa za chisoti cha pa mota, ndinati ndinasiya, chimandifinya chipumi. Anandiuza kuti ndiyasamule, anayang'ana lilime ndi mipata ya mano. Mutu umawawa? Eya. Thukuta? Ngati mvula. Zala zimachita dzanzi? Nthawi zina chiwongolero sindichimva.

Kenako anachita masewera. Anati ndiyang'anitsitse mphuno yake, iye n'kutambasula mkono kumbali, akugwedeza zala, akubweretsa dzanja pang'onopang'ono. Ndinene ndikaliona. Ndinaliona litafika pafupi ndi khutu lake. Mbali inayo chimodzimodzi. Sanaseke. Anangoti Cecília abweretse chithunzi changa chakale.

Nkhani ya nsapato yandikumbutsa Silvestre. Golide wake woyamba anagulira jombo nambala 46, pamene phazi lake ndi 41. Amaikamo mapepala kutsogolo, poyenda zimalira phwa phwa. Nditamuseka anati, "Zidzandikwana, papá." Ndinaona ngati ndi nzeru yomwe timachita pogulira ana nsapato za sukulu, kugula zazikulu kuti akuliremo. Koma munthu wa ndevu phazi limakuliranso pati? Tsiku limenelo sindinadzifunse.

Lachinayi, 8 Agosto

Chithunzi cha ukwati chabwera. Dotora anachiika pambali pa nkhope yanga, n'kuitana Flávia kuti aone. Inenso ndinayang'ana. Mnyamata wa m'chithunzicho ali ndi mphuno yaing'ono, chibwano chosongoka, mano othithikana. Ndikanakumana naye pamsewu ndikanamufunsa kuti ndi mwana wa yani.

Ndilembe bwino zimene wanena, Cecília adzandifunsanso.

Pansi pa ubongo, kuseri kwa mphuno, pali kachiwalo kochepa ngati nsawawa imodzi. Kamatulutsa horimona yokulitsa, imene imayenda m'magazi n'kumauza mafupa ndi minofu kuti zikule. Mwa mwana imakhala yambiri. Munthu akakhwima imachepa, imangotsala yosamalira thupi. Kwa ine akuganiza kuti pakachiwaloko pamera chotupa, ndipo chikutulutsa horimonayo osapuma. Akuti zotupa zotere nthawi zambiri si khansa. Poti mafupa anga anasiya kale kutalika, akukulira m'mbali: manja, mapazi, chibwano, lilime, mwina ndi mtima womwe. Shuga wachokera pomwepo, kuthamanga kwa magazi pomwepo, mkonono wosautsa Arsénio pomwepo. Chotupacho chikupanikizanso mitsempha ya maso, n'chifukwa chake za m'mbali sindiziona. Dzina la matendawa ndi akromegaliya. Kuti atsimikize ayenera kundijambula mutu ndi kuyeza magazi ku Tete. Zikatsimikizika pali opareshoni yolowera m'mphuno, ndipo palinso mankhwala ochepetsa horimonayo.

Ndiye kuti ng'ombe ija inalidi pomwepo.

Ndinapsa mtima, ndisabise. Zaka khumi anthu akhala akundipatsa njira. Ndikalowa m'baraka, kasitolo ka pamsewu, nkhani zimayamba zaima. Ana amabwera kudzayeza manja awo pa langa. Ine ndimati ndi madalitso, lero kamtsikana kovala magalasi kakuti ndi matenda. Ndinamuuza kuti matumba amene ndimakweza ndekha pa mota amuna awiri amalephera.

"Nanga mawondo?" anafunsa. "M'mawa podzuka?"

Cecília anayankha m'malo mwanga, ndipo anawonjezera zina zimene sanafunsidwe.

Lachisanu, 9 Agosto

Mutu ukuwawa kuseri kwa maso. Shuga watsikako. Bala lasiya kununkha. Mphepo ya Agosto ikulowetsa fumbi pazenera losweka, Flávia watsekapo ndi katoni. Silvestre sanabwere.

Loweruka, 10 Agosto

Ndadzuka bwino, ndadya phala lonse. Titatsala awiri ndinamufunsa Arsénio za timabotolo tija, poti iye ndi wa komweko. Anayamba wazemba, kenako anamasuka.

Akuti pali munthu wina dzina lake Renato, ali ndi baraka pafupi ndi maenje, amagulitsa mabatire, sopo, tochi ndi fodya. Pansi pa tebulo ndi pamene pamakhala timabotoloto, akuti amatitenga kutsidya kwa malire. Amawauza anyamata kuti ndi horimona yokulitsa, yomwe amadzibaya azungu onyamula zitsulo. Munthu akakayikira amamulozera kumsewu.

"Amaloza chani?" ndinafunsa.

Arsénio anayang'ana kudenga. "Amaloza inu, kota. Mukamadutsa ndi matumba amati, mukumuona Tratori? Kale anali kamunthu ngati inu nomwe, funsani akuluakulu. Ndi kasitomala wanga woyamba."

Ndikanakhala wopanda soro pamkono bwenzi pano ndikulembera ku polisi. Renato ameneyo sindinagulepo kwa iye ngakhale machesi. Ndakhala ndikumudutsa tsiku lililonse, iye n'kumandikwezera dzanja, ine n'kumamuimbira belu, osadziwa kuti ndine chikwangwani chake.

Koma choopsa chinali chisanabwere. Ndinafunsa kuti amabayana bwanji, popeza kumeneko kulibe namwino. Arsénio anandikumbutsa lamulo la maenje, limene inenso ndimalidziwa koma sindinaliganizire mbali imeneyi. Anthu a dzenje limodzi ndi mimba imodzi. Poto ndi mmodzi, ndudu imazungulira onse, miyala imagawidwa mofanana. Wodya yekha amathawitsa golide, ndi mmene amakhulupirira.

"Ndiye siringa ndi imodzi," anatero. "Singano imodzi. Lamlungu masana, tsiku losalowa pansi, amakhala bwalo, wamkulu wa gulu amabaya mmodzimmodzi. Amangopukuta pa malaya."

"Wina akakana?"

"Ndiye kuti akunena kuti magazi a anzake ndi akuda. Mawa lake akamatsikira m'dzenje, chingwe amugwirira ndani?"

Gulu la Silvestre lili ndi anyamata asanu ndi mmodzi. Mawa ndi Lamlungu. Ndachita mantha, mantha enieni, oposa a tsiku limene ndinauluka pa mota. Ndamuuza Cecília kuti akatuluka m'tchalitchi asapite kunyumba, akwere mota ya mnzanga Tomé apite kumsasa akamutenge.

Lamlungu, 11 Agosto

A kwaya anabwera kudzatiimbira. Arsénio anaomba nawo m'manja, akuti nyimbo zilibe chipembedzo bola abwere ndi malalanje.

Cecília wafika madzulo, fumbi mpaka m'nsidze. Anamupeza Silvestre bwalo litatha kale, akupukuta paphewa. Anamufotokozera zonse za chotupa ndi za maso. Mwanayo anamvetsera mwaulemu, n'kumupatsa madzi akumwa, kenako anati, "Mamã, ndikudziwa kuti papá akubisa. Aliyense kuno akudziwa kumene anatenga thupi lija. Iwo anakula nawo mankhwalawo, ine akundikaniza chifukwa chani?"

Ndiye ndi zimenezo. Mwana amene ndinamuphunzitsa kukwera njinga akuganiza kuti bambo ake ndi womana, wodya yekha. Cecília analira pang'ono, n'kuyamba kundikalipira ine, kuti ndikanapanda kumayenda chifuwa pamtunda ngati tambala mwanayo sakanasirira. Mawuwo anawawa, koma sindinatsutse chifukwa m'chipinda munali anthu.

Sindinataye mtima. Silvestre ndi wouma mutu, wopusa ayi. Kuuma mutuko ndikudziwa kumene anakutenga.

Lolemba, 12 Agosto

Shuga ali bwino kuposa masiku onse. Soro achotsa. Bala layamba kufiira m'mbali, Flávia akuti ndi nyama yatsopano. Ambulansi yopita ku Tete inyamuka Lachisanu, ndipo dzina langa lilipo. Akuti ndisachedwetse, chifukwa maso akapanikizika nthawi yaitali mwina sabwereranso.

Dotora atabwera ndinamugwira mkono wa malaya, n'kumuuza za Silvestre zonse. Anakoka mpando n'kukhala, chinthu chimene sindinamuonepo akuchita. Ndinafunsa ngati mankhwalawo alipodi kapena ndi bodza la Renato.

Akuti alipodi, ndipo ndi mankhwala abwino akapita kwa mwini wake. Pali ana amene kachiwalo kaja sikatulutsa horimona yokwanira, mwana wa zaka khumi n'kumaoneka ngati wa zisanu. Amenewo amabayidwa pang'ono tsiku lililonse kwa zaka, akuyezedwa magazi ndi msinkhu, ndipo amakula. Palinso akuluakulu amene kachiwaloko kanawonongeka, iwonso amapatsidwa pang'ono. Anandiuza mosabisa kuti ena akachitidwa opareshoni ngati yangayi amadzaisowa horimonayo, mpaka kumabayidwa. Ndinaseka kuti ine amene yandisefukira ndidzakhale wopempha.

Koma akuti sagulitsidwa ngati sopo. Amalemba ndi dotolo wa matenda amenewa atamuyeza munthu, amatuluka m'farmasiya yovomerezeka, ndipo amasungidwa mozizira kuyambira kufakitale mpaka kwa wodwala. Kugulitsa pa baraka n'kuphwanya lamulo. Ngakhale ochita masewera akapezeka nayo m'magazi amawaletsa kupikisana. Kwa mnyamata wabwinobwino ngati Silvestre, amene mafupa ake anatseka kale, singamutalikitse ngakhale pang'ono. Chimene ingamupatse ndi kutupa mapazi, kuwawa kwa mfundo, dzanzi m'manja ndi shuga.

"Kunena mwachidule," anatero, "akugula matenda anuwa, inu munawapeza ulele."

Kenako anati kabotolo kokhala pansi pa malata otentha, ngakhale katakhala kenikeni, mphamvu yake inafa kale, ndipo ambiri mwa oterewa sadziwika kuti muli chiyani. Chimene chikumuopsa iye ndi singano ija. HIV, matenda a chiwindi, zithupsa zamafinya. Mwanayo abwere ayezedwe, asadikire. Za Renato akadziwitsa akuluakulu a zaumoyo a boma, koma akufuna kabotolo kamodzi m'manja mwake.

Lachiwiri, 13 Agosto

Tomé anapita kumsasa ndi foni yake, n'kukwera naye Silvestre pachulu pamene pamagwira netiweki. Ndinali nditakonza mawu abwino usiku wonse. Ndinati ndiyamba ndi kumufunsa za ntchito, ndimuyamikire, kenako ndilowe pang'onopang'ono.

"Papá, mwadzuka bwanji? Mwendo uli bwanji?"

"Mwendo usiye. Iwe ukudzibaya chani?"

Mawu abwino aja anathera pomwepo. Anati si kanthu, ndi mavitamini a mphamvu. Ndinati ndine wodwala, thupi ili ndi chotupa cha m'mutu, Renato ndi wabodza. Iye anati, "Papá, munthu wodwala amakweza matumba awiri yekha? Ine m'gulu ndine wochepa kuposa onse. Amanditcha Wilibala, mwana wa Tratori. Inu simudziwa mmene zimawawira."

Pamenepo ndinayenera kufatsa. M'malo mwake ndinakuwa mpaka mayi wokolopa anasuzumira pakhomo. Ndinati safunsa anadya phula, ndinati Lachisanu ndikupita ku Tete kukang'ambidwa m'mutu, akafuna adzandione m'bokosi. Foni inaduka. Tomé akuti si netiweki.

Arsénio anadikira kuti ndipume, n'kunena kuti, "Kota, inu mukanakhala wogulitsa, Renato bwenzi alibe mpikisano." Ndinamuponyera khoko la lalanje.

Dzina lakuti Wilibala sindinkalidziwa. Landikhala pamtima tsiku lonse.

Lachitatu, 14 Agosto

Mutu. Sindinadye bwino. Cecília wachapa zovala za ulendo, wasita malaya oyera. Akudandaula kuti ndikalowa mu mzinda wa Tete ndi nsapato za matayala ngati wopita kumunda. Ndamuuza kuti madotolo akukayang'ana mutu.

Palibe mawu ochokera kumsasa.

Lachinayi, 15 Agosto

Ndilembe zonse mwadongosolo.

Masana nditadya ndinakhala tsonga pabedi, nditatembenukira pang'ono kwa Arsénio. Khomo la chipinda chathu lili kumanzere kwanga. Kunja kunali phokoso la mphepo ndi malata. Ndinkamuuza Arsénio kuti mwanayo sabwera, ndamuthamangitsa ndekha ndi pakamwa panga. Ndinati kukanakhala kotheka ndikanavula manja awa ngati magolovesi n'kumupatsa awavale tsiku limodzi, amve mmene amawawira m'mawa, aone mmene batani la malaya limandivutira. Ndinati ndikamuona akumanga zingwe za jombo ndi tizala take tating'onoto ndimasirira ine.

Arsénio sankandiyankha, chinthu chachilendo. Maso ake ankangopita kumbali kwanga n'kubwerera. Ndinamufunsa ngati wameza lilime.

"Papá."

Mawuwo anachokera pafupi ndi khutu langa. Ndinatembenuza mutu, ndipo Silvestre anali ataima pomwepo, ntchafu yake itatsala pang'ono kukhudza bedi, matope ofiira mpaka m'tsitsi. Arsénio akuti mwanayo anali ataima nthawi yonse imene ndinkalankhula, ndipo anandikwezera dzanja kawiri.

"Simunandione?"

"Ndimayang'ana uku."

"Ayi papá, nkhope yanu inali chonchi. Ine ndili apa."

Sanakhulupirire. Anandiuza kuti ndiyang'ane khoma la kutsogolo, iye n'kuima pambali. Anafunsa kuti watukula zala zingati. Ndinati sindikuona ngakhale mkono. Anasuntha pang'ono, anafunsanso. Palibe. Anasunthanso. Pamene ndinaona zala zitatu anali atafika pafupifupi kutsogolo kwanga. Anapita mbali inayo n'kuyambiranso, ngati mmene anachitira dotora, chonsecho palibe anamuphunzitsa. Kenako anakhala pansi penipeni, pasimenti, n'kutsamira bedi.

"Ndiye mumayendetsa mota chonchi? Ndi matumba?"

"Ndimatembenuza khosi."

"Ng'ombe ija."

"Eya, ng'ombe ija."

Anatenga dzanja langa. Ali mwana ankakonda kuika lake pa langa n'kumayeza, koma lero analitembenuza n'kuona chipsera cha mphete, n'kuyesa kupinda zala zanga, zosafika pachikhatho. Cecília anali atasiya chithunzi cha ukwati pa kabati. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Uyu ndi ine," anatero.

Zoonadi. Mphuno, chibwano, mapewa opapatiza, ndi iye ndendende. Ndinamuuza kuti munthu ameneyo ndi amene amayi ake anamusankha pakati pa anyamata onse a ku Chipera, ndipo mpaka lero amafunsa kuti anapita kuti.

Anapisa m'thumba n'kutulutsa kabotolo, kofunda ngati dzira la nkhuku. Flávia anakatenga ndi pepala n'kupita nako kwa dotora. Atabwerera anamuuza Silvestre kuti amutsatire. Mwanayo anandiyang'ana, ine ndinangogwedeza mutu. Phwa phwa phwa, jombo zija mpaka kumapeto kwa khonde.

Nthawi imene anakhala kumeneko sindikufuna kuikumbukira. Arsénio anatulutsa mikanda yake yopempherera, ine ndinapemphera zanga.

Anabwera ndi kathonje pamkono. HIV alibe, koma akuti ayezedwenso pakatha miyezi itatu chifukwa kachilombo kolowa kumene sikaoneka msanga. Magazi oyeza chiwindi apita ku Tete pa ambulansi yomwe ndikwere ine. Paphewa pali chotupa chofiira, amupatsa mapiritsi. Ndinapuma ngati ndatula thumba.

Koma iye nkhope inali isanamasuke. "Lamlungu ndikakana, papá, Lolemba chingwe andigwirira ndani?"

Ndinati asiye maenje, adzagwire mota yanga, popeza ine kuyendetsa ndaletsedwa. Anapukusa mutu. Anati anzakewo sangawasiye akubayana, mmodzi mwa iwo ali ndi mkazi woyembekezera. Anakhala akuganiza, akukanda matope pa bondo. Kenako anadzuka, anati abwera mawa, n'kutuluka. Sanandiuze chimene akukachita.

Lachisanu, 16 Agosto, m'mawa

Ndikulemba mothamanga, ambulansi akuithira mafuta.

Flávia analowa akuseka, anati ndisuzumire pazenera. Pabenchi ya kutsogolo kwa chipinda choyezera magazi panali anyamata anayi amatope, atakhala mondondozana ngati ana a sukulu odikira katemera, Silvestre ataima pambali pawo. Atalowa ndinamufunsa kuti wawanyengerera bwanji.

"Sindinanyengerere. Ndawauza kuti dzulo ndinabayidwa singano ya kuchipatala ndekha, ndipo wodya yekha amathawitsa golide. Chimene walandira mmodzi alandire onse, lamulo ndi lomwelo."

Arsénio anaseka mpaka mwendo unamupweteka. Mmodzi yekha ndiye wakana, wamkulu wa gulu, amene amasunga siringa. Akuti Tratori wagulidwa ndi a chipatala. Ameneyo ndidzathana naye ndikabwerako, ndipo ndidzayamba ndi kumupatsa moni, ndaphunzira.

Dotora wandipatsa kalata ya ku Tete ndi insulina ya panjira. Wanenanso kuti opareshoni ikayenda bwino shuga akhoza kutsika, thukuta ndi mutu kusiya, zala kuphwerako, ndipo maso ali ndi mwayi ngati tafulumira. Mafupa okha sabwerera. Phazi ili ndi langa mpaka kumanda. Ndamuuza kuti palibe vuto, ndinalizolowera.

Cecília anandiveka malaya oyera, akundimangira mabatani uku akung'ung'udza za nsapato za matayala. Silvestre anamvetsera, kenako anakhala pabedi la Arsénio n'kumasula zingwe za jombo zake. Anatulutsa mapepala, mpukutu woyamba, wachiwiri, wachitatu, onse akuda ndi thukuta, n'kuwaponya mu ndowa ya mayi wokolopa. Anapukuta jombozo ndi malaya ake. Anagwada, n'kundiveka yekha, poyamba mwendo wabwino, kenako wa bala, mosamala, osamanga zingwe za pamwamba.

Zandikwana. Patha zaka zambiri ndisanavale nsapato yogula.

Iye watenga zamatayala zanga, zikumukhalira ngati mabwato. Cecília akuti amugulira nambala 41 pamsika mawa, ndipo Silvestre sanatsutse. Wandinyamulira chikwama mpaka pa ambulansi, akuyenda kumanzere kwanga. Titafika pakati pa bwalo ndinamva wasiya kulankhula, kenako ndinamuona wadutsa n'kumayenda kutsogolo kwanga, chammbuyo, kuti ndizimuona.